Misonkhano ya pa wailesi ya amateur ndi kumvetsera pa scanner: mafunso ndi mayankho

Mafunde a wailesi sanyamula nkhani ndi nyimbo zokha. Amanyamulanso mawu a oyendetsa ndege, amalinyero, ozimitsa moto, ogwira ntchito pa njanji, ndiponso a anthu wamba amene ali ndi chiphaso cholankhulira pa wailesi zawozawo. Anthu wambawa amakumana pa mafunde pa nthawi yopangana, ndipo msonkhano wotere amautcha net. Palinso ena amene salankhula konse, iwo amangotchera khutu pogwiritsa ntchito chipangizo chotchedwa scanner. Zizolowezi ziwirizi zimatheka chifukwa chakuti mawu oponyedwa pa mafunde popanda kubisidwa amamveka kwa aliyense amene ali ndi wailesi yoyenera.

Kodi wailesi ya amateur n'chiyani?

Nyumba youlutsira mawu, monga MBC, ZNBC kapena BBC, imalankhula kwa khamu la anthu amene sangaiyankhe pa mafunde omwewo. Wailesi ya amateur ndi yolankhulirana: munthu amaponya mawu ake n'kulandira yankho la mnzake, kaya wa m'tauni yomweyo kapena wa kutsidya kwa nyanja. Bungwe la ITU, nthambi ya United Nations yoona za mauthenga imene likulu lake lili ku Geneva, linapatula magawo ena a mafunde kuti anthu oterewa azidziphunzitsirapo, azilankhulanapo ndi kuyeserapo luso la zamagetsi popanda kufunapo ndalama. Anthuwa amadziwika kuti ma ham.

Munthu saloledwa kuponya mawu pa magawo amenewa asanakhoze mayeso a zamagetsi, a malamulo ndi a kalankhulidwe ka pa wailesi. Akakhoza amalandira chiphaso pamodzi ndi dzina la pa wailesi, lopangidwa ndi zilembo ndi manambala, limene silifanana ndi la wina aliyense padziko lapansi. Chiyambi cha dzinalo chimasonyeza dziko: 7Q ndi Malawi, 9J ndi Zambia, C9 ndi Mozambique, Z2 ndi Zimbabwe, ZS ndi South Africa, pamene mayina ambiri a ku Britain amayamba ndi G kapena M ndipo a ku United States ndi K, N kapena W. Amene amayang'anira mafunde m'dziko ndiwo amapereka ziphaso: MACRA ku Malawi, ZICTA ku Zambia, ICASA ku South Africa, Ofcom ku Britain ndi FCC ku United States.

Nanga net ndi chiyani, ndipo inayamba bwanji?

Net ndi msonkhano wa masiteshoni angapo pa frequency imodzi, pa tsiku ndi ola lodziwika kale. Ilipo ya tsiku ndi tsiku, ya sabata ndi sabata, ndi ina imene imayitanidwa pokhapokha kukagwa ngozi. Aliyense amakhala kwawo, kapena m'galimoto, kapena m'boti, koma onse amamvana.

Chizolowezichi chinachokera ku vuto la wailesi zoyambirira, zimene mawu ake sankafika patali. Mu 1914, Hiram Percy Maxim wa ku Hartford, m'boma la Connecticut, analephera kufikira siteshoni ya ku Springfield, m'boma loyandikana nalo la Massachusetts, mpaka siteshoni ina ya pakati inamupatsirira uthengawo. Chaka chomwecho iye ndi Clarence Tuska anayambitsa bungwe la American Radio Relay League, lodziwika kuti ARRL, kuti masiteshoni azipatsirana mauthenga mpaka akafike kumene akupita. Kupatsirana kotere sikukanatheka popanda kupangana nthawi imene aliyense akhale pa wailesi yake, ndipo mapangano amenewa ndiwo anasanduka ma net. Ku Britain bungwe limene lero ndi Radio Society of Great Britain linali litayamba kale mu 1913. Mu 1925 kunakhazikitsidwa bungwe limene lero ndi South African Radio League, ndipo chaka chomwecho mabungwe a m'mayiko osiyanasiyana anapanga International Amateur Radio Union mumzinda wa Paris.

N'chifukwa chiyani net imafuna woyendetsa?

Wailesi zamtunduwu sizili ngati foni. Munthu akafinya batani la pa maikolofoni amalankhula koma samva, ndipo akalisiya amamva koma salankhula. Awiri akafinya nthawi imodzi, palibe mwa iwo amene amadziwa kuti mnzake akulankhulanso. Pa FM, siteshoni yamphamvu imaphimba yofooka. Zikakhala za mphamvu yofanana, omvera amangomva kulira kwa makina ndi mawu osokonekera.

Choncho siteshoni imodzi imapatsidwa udindo woyendetsa net. Monga pa bwalo la mfumu, woyankhula amadikira kupatsidwa mpata ndipo mawu ake amadzera kwa amene akuyendetsa zokambiranazo. Woyendetsa net amatsegula ndi kutseka msonkhano, amalemba mayina a onse amene alowa, amagawa mpata, ndipo amasankha uthenga woyenera kutsogola. Amafunika kukhala ndi siteshoni imene ambiri amaimva bwino, ndipo kawirikawiri pamakhala wachiwiri wokonzeka kutenga udindowo magetsi akazima kapena mafunde akasintha. Pa ma net a anthu ochepa ozolowerana, mpata umangozungulira kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo popanda woyendetsa.

Kodi net imayenda motani kuyambira potsegulira mpaka potsekera?

Nthawi ikakwana, woyendetsa amayamba wafunsa ngati frequency ili ndi anthu ena, chifukwa palibe gulu limene lili ndi frequency yakeyake mwa lamulo. Kenako amawerenga mawu otsegulira: dzina la net, cholinga chake, dzina lake la pa wailesi ndi dongosolo lolowera. Funso loyamba limakhala lakuti kodi alipo amene ali ndi uthenga wa ngozi kapena wofulumira, ndipo pamakhala chete kwa kamphindi kuti woteroyo amveke.

Kenako kumabwera kulembetsa. Ma net ambiri amayamba ndi amene ali m'galimoto kapena amene akugwiritsa ntchito wailesi ya m'manja, popeza mawu awo amatha kuzimiririka akalowa m'chigwa kapena batire likatha. Otsalawo amayitanidwa potsata dera, zilembo za mayina awo kapena mndandanda wa mamembala. Wolowa amangotchula dzina lake la pa wailesi, malo amene ali, ndi kunena ngati ali ndi uthenga. Woyendetsa amabwereza mayina onse amene wamva, ndipo wina akamva siteshoni yofooka imene woyendetsayo sanaimve, amaipatsirira.

Kulembetsa kukatha, mauthenga amaperekedwa, zilengezo zimawerengedwa, ndipo pa net yocheza aliyense amalandira mpata wolankhula mwachidule. Pomaliza, woyendetsa amaitana ochedwa, amalengeza chiwerengero cha masiteshoni amene analowa, n'kunena kuti frequency yabwerera kwa aliyense. Amene akufuna kuchoka msonkhano usanathe amatsanzika, kuti asamafunidwe pamene palibe.

Kodi mawu achidule amene amamveka pa net amatanthauza chiyani?

Pa mafunde aphokoso, zilembo monga B, D ndi P zimamveka zofanana. N'chifukwa chake dzina la pa wailesi limatchulidwa ndi mawu oimira zilembo amene oyendetsa ndege amagwiritsanso ntchito kuyambira mu 1956: Alfa, Bravo, Charlie, Delta, mpaka Zulu. Siteshoni ya ku Malawi imayamba kudzitchula ndi Seven Quebec.

Palinso zidule za zilembo zitatu zoyamba ndi Q, zimene mayiko anavomerezana pa msonkhano wa ku London mu 1912 kuti amalinyero a zilankhulo zosiyana azimvana pa zizindikiro za Morse. QTH ndi malo amene siteshoni ili, QSL ndi kuvomereza kuti uthenga walandiridwa, QSY ndi kusamukira pa frequency ina, QRM ndi chisokonezo chochokera ku masiteshoni ena, ndipo QRN ndi phokoso lachilengedwe monga la mphezi. Pofotokoza mmene mnzawo akumvekera, ma ham amapereka manambala awiri: yoyamba, ya pakati pa 1 ndi 5, imanena za kumveka kwa mawu, ndipo yachiwiri, ya pakati pa 1 ndi 9, imanena za mphamvu ya mafunde. Choncho 59 ndiko kumveka bwino kwambiri. Nambala ya 73, imene inachokera m'nthawi ya telegalafu ya mawaya, ndi mafuno abwino potsanzikana.

Kodi ma net onse ndi ofanana?

Ayi. Akale kwambiri ndi opatsirana mauthenga olembedwa. Mu 1949, ARRL inakhazikitsa National Traffic System, dongosolo limene limalumikiza ma net a m'madera ang'onoang'ono ndi a m'zigawo zikuluzikulu za United States ndi Canada, kotero kuti uthenga umakwera kuchoka ku net ya kumene wachokera n'kukatsikira ku net ya kumene ukupita. Uthenga uliwonse umalembedwa pa fomu yofanana: nambala yake, kufulumira kwake, siteshoni imene yauyambitsa, adiresi ya wolandira, mawu osapitirira 25 mwa chizolowezi, ndi chiwerengero cha mawuwo. Wolandira amawerenga mawu amene walemba, ndipo akapanda kufanana ndi chiwerengerocho amadziwa kuti china chatayika panjira.

Ma net a makalabu ndiwo ochuluka. Amachitika madzulo, kamodzi pa sabata, ndipo nkhani zake ndi zilengezo, mafunso a ongoyamba kumene ndi macheza. Ena ndi a luso, okambirana za maeriyo ndi kukonza zipangizo. Ena ndi ophunzitsira Morse mosathamanga. Ena amathandiza masiteshoni ang'onoang'ono kulankhulana ndi mayiko osowa pa mafunde. Maritime Mobile Service Network, imene inayamba mu 1968, imakhala pa 14.300 MHz kumvetsera maboti ali panyanja, kuwawerengera zanyengo ndi kudziwitsa opulumutsa anthu pakakhala vuto. Mabungwe aakulu amaulutsanso nkhani za ma ham: ku Britain ndi ku South Africa zimenezi zimachitika Lamlungu, ndipo m'madera ambiri omvera amalembetsa nkhanizo zikatha.

Kodi ma net amachitikira pa mafunde ati, ndipo n'chifukwa chiyani nthawi yake imasankhidwa mosamala?

Ma net a m'tauni kapena m'boma limodzi amachitikira pa VHF ndi UHF. Mu Africa ndi ku Ulaya gawo lotchuka ndi la 144 mpaka 146 MHz, ndipo lina ndi la 430 mpaka 440 MHz. Mafunde amenewa amayenda molunjika, choncho phiri kapena nyumba zitalizitali zimawatchinga. Pothana ndi vutoli, makalabu amaika makina otchedwa repeater pamwamba pa phiri kapena pa nsanja. Repeater imalandira mawu pa frequency imodzi n'kuwaponyanso nthawi yomweyo pa ina, ndipo pa gawo la 144 MHz ziwirizi zimatalikirana ndi 600 kHz. Mwa njira imeneyi wailesi ya m'manja, imene payokha imafika makilomita ochepa, imamveka m'chigawo chonse. Ma repeater ambiri amadzizimitsa munthu akalankhula mphindi zingapo osapumira, zimene zimaphunzitsa olongolola kufupikitsa mawu.

Ma net a pakati pa mayiko amachitikira pa HF, pakati pa 3 ndi 30 MHz. Mafunde awa amakagunda gawo la mumlengalenga lotchedwa ionosphere n'kubwerera pansi kutali kwambiri. Koma gawolo limasintha ndi dzuwa. Masana mafunde a 3.5 MHz amamezedwa asanafike patali, pamene usiku amayenda bwino. A 14 MHz amachita bwino masana ndi chakumadzulo. A 7 MHz amathandiza pa maulendo apakatikati masana ndi aatali usiku. Mphamvu ya dzuwa nayo imakwera ndi kutsika pa zaka pafupifupi 11 zilizonse. Pa chifukwa chimenechi, ma net ena amakhala ndi frequency ya masana ndi ina ya usiku.

Nthawi ya ma net otere imalengezedwa mu UTC kuti pasakhale chisokonezo. Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa ali patsogolo pa UTC ndi maola awiri, choncho net ya 18:00 UTC imayamba 8 koloko usiku ku Lilongwe, ku Lusaka, ku Tete, ku Harare ndi ku Johannesburg.

Kodi intaneti yasintha chiyani?

Yachotsa malire a mtunda pa ma net a VHF ndi UHF. Njira monga IRLP, EchoLink, D-STAR ndi DMR zimalumikiza ma repeater a m'mayiko osiyana kudzera pa intaneti, kotero kuti wailesi ya m'manja ya ku Cape Town imatha kulowa net ya ku Manchester. EchoLink, imene inatuluka mu 2002, imalolanso kulowa pa kompyuta kapena pa foni, malinga munthu atasonyeza kaye chiphaso chake. Kufooka kwa njirazi n'kwakuti intaneti ikaduka nazonso zimaduka, ndipo n'chifukwa chake magulu okonzekera ngozi amapitiriza kuyeserera pa HF ndi pa ma frequency olankhulirana mwachindunji popanda repeater.

Setilaiti nazo zatsegula njira ina. Es'hail-2 ya dziko la Qatar, imene inaponyedwa mumlengalenga mu November 2018, inanyamula makina a ma ham otchedwa QO-100. Popeza imaoneka pamalo amodzi nthawi zonse, dishi ikangolozetsedwa kamodzi siifunikanso kusuntha, ndipo imafikira Africa yense, Ulaya, ndi madera ochokera kum'mawa kwa Brazil mpaka ku Thailand.

Kodi ma net amathandiza chiyani pa nthawi ya ngozi?

Foni ya m'manja imadalira nsanja, mawaya ndi magetsi, ndipo namondwe kapena chivomerezi chimatha kugwetsa zonsezi tsiku limodzi. Siteshoni ya ham imafuna batire, wailesi ndi waya wokoleka pamtengo basi. Ku Britain, madzi osefukira a nyanja ya North Sea a mu 1953, amene anadula mawaya a telefoni m'mbali mwa nyanja, ndiwo anachititsa kuti kukhazikitsidwe gulu la RAYNET. Ku United States, Hurricane Watch Net inabadwa mu 1965 pa nthawi ya namondwe Betsy. Mpaka lero imasonkhana pa 14.325 MHz masana ndi pa 7.268 MHz usiku namondwe akayandikira kumtunda, n'kumatolera malipoti a liwiro la mphepo, mvula ndi zoonongeka, amene amapita ku National Hurricane Center ku Miami. Mu pologalamu ya SKYWARN, anthu ophunzitsidwa ndi nthambi ya zanyengo ya dzikolo amanena pa net zimene akuona ndi maso, monga matalala ndi kamvuluvulu, zimene makina a zanyengo satha kutsimikiza okha. Ku South Africa ntchito yotere ili m'manja mwa HAMNET. Mu December 2004, ma ham a ku India amene anapita ku zilumba za Andaman kukangolankhula ndi mayiko akunja anasanduka njira yotumizira mauthenga madzi a tsunami atasefukira, ndipo mu 2017 ma ham anathandiza bungwe la Red Cross ku Puerto Rico namondwe Maria atagwetsa nsanja za mafoni.

Apa ndi pamene phindu la net ya sabata ndi sabata limaonekera. Kutchula dzina ndi malo sabata iliyonse kumaoneka ngati chinthu chopanda pake, koma ndi mmene gulu limadziwira kuti wailesi ya yani yafooka, ndi dera liti limene repeater silifikira, ndi ndani amene amatha kulemba uthenga popanda kuusintha. Tsiku la ngozi palibe nthawi yophunzitsana kudikira mpata.

Kodi pali zoletsedwa kulankhula pa net?

Zilipo. Malonda, nyimbo, zotukwana, mauthenga onama a ngozi ndi kusokoneza ena mwadala n'zoletsedwa pafupifupi m'mayiko onse. Siteshoni iyenera kudzitchula pafupipafupi. Ku United States lamulo limati mphindi 10 zilizonse ndi pomaliza kulankhula. Kutumizira munthu wopanda chiphaso uthenga wopita kudziko lina kumadalira zimene maboma okhudzidwawo amalola, ngakhale malamulo a ITU amapereka mpata pa nthawi ya ngozi. Chachikulu n'chakuti mauthenga a ma ham saloledwa kubisidwa ndi cholinga chakuti ena asamve tanthauzo lake. Ndale ndi zachipembedzo ambiri amazipewa mwa ulemu chabe, poti pa net pamakhala anthu a mitundu yonse.

Kodi scanner n'chiyani, ndipo imagwira ntchito bwanji?

Scanner ndi wailesi yongolandira, yosaponya mawu. Nyumba youlutsira mawu imalankhula kosalekeza, koma wapolisi kapena woyendetsa ndege amalankhula masekondi ochepa n'kukhala chete nthawi yaitali. Munthu wotchera pa frequency imodzi amathera nthawi yambiri akumva phokoso lopanda mawu. Scanner imayendera ma frequency ambiri amene asungidwa m'kati mwake, makumi angapo pa sekondi imodzi, n'kuima pamene yapeza mawu. Mawuwo akatha imadikira masekondi awiri kapena atatu kuti yankho limveke, kenako imapitiriza ulendo wake. Chimene chimaithandiza kusiyanitsa mawu ndi phokoso ndi kachipangizo kotchedwa squelch, kamene kamatseka sipika mpaka mafunde amphamvu mokwanira atafika.

Ma scanner oyamba anatuluka ku United States chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndipo otchuka anali a Bearcat, opangidwa ndi kampani ya Electra ya ku Indiana. Anali ndi matchanelo ochepa, ndipo frequency iliyonse inkafuna kugulira kamwala kakekake ka crystal. Chapakati pa zaka za m'ma 1970 kunabwera oti munthu amangolemba nambala ya frequency pa mabatani. Dzina la Bearcat linagulidwa ndi kampani ya ku Japan ya Uniden m'zaka za m'ma 1980.

Kodi pa scanner pamamveka zotani, ndipo amamvetsera ndani?

Ndege ndi nsanja za pa mabwalo a ndege zimalankhulana pa AM pakati pa 118 ndi 137 MHz, ndipo 121.5 MHz ndi ya ngozi padziko lonse. Sitima zapamadzi zili pakati pa 156 ndi 162 MHz, ndipo Channel 16, imene ndi 156.8 MHz, ndi yoitanirana ndi yopemphera chithandizo. Ku United States kuli ma frequency 7 a zanyengo pakati pa 162.400 ndi 162.550 MHz amene amalankhula usana ndi usiku. Ma repeater a ma ham amamvekanso, ngakhalenso International Space Station, imene imaponya mawu pa 145.800 MHz ndipo imamveka kwa mphindi pafupifupi 10 ikamadutsa pamwamba. Kumene malamulo ndi makina zikulola, kumamvekanso apolisi, ozimitsa moto, ma ambulansi ndi sitima za pamtunda.

Omvetsera ndi amitundumitundu. Kwa zaka zambiri zipinda za atolankhani ku United States zinkakhala ndi scanner yosazimitsidwa, ndipo nkhani zambiri za moto ndi ngozi zapamsewu zinkayambira pamenepo. Ozimitsa moto ongodzipereka ndi mabanja awo amamvetsera kuti adziwe kumene kwayaka. Okonda ndege ndi sitima amatsata maulendo ake, ndipo oonera mipikisano ya magalimoto ya NASCAR amamvetsera zimene dalaivala akukambirana ndi gulu lake.

Kodi lamulo limalola kumvetsera?

Zimadalira dziko. Malamulo a ITU amapempha boma lililonse kuletsa kumvetsera popanda chilolezo mauthenga amene si a anthu onse, komanso kuulula zimene zamvekazo, koma mayiko amatsata mfundoyi mosiyana. Ku United States kumvetsera apolisi, ndege ndi sitima n'kololedwa ngati mauthengawo sanabisidwe. Lamulo la mu 1986 linaletsa kumvetsera mafoni a m'manja, amene pa nthawiyo ankamveka mosavuta, ndipo kuyambira mu 1994 kupanga kapena kulowetsa m'dzikolo ma scanner otha kumva mafoniwo kunaletsedwa. Maboma ena a m'dzikolo, monga New York, Indiana ndi Florida, amaletsa kapena kuchepetsa kukhala ndi scanner m'galimoto, ngakhale ma ham a chiphaso kawirikawiri sakhudzidwa, ndipo kugwiritsa ntchito scanner popalamula mlandu kumawonjezera chilango.

Ku Britain kugula scanner si mlandu, koma Wireless Telegraphy Act ya mu 2006 imaletsa kumvetsera uthenga umene munthu sanaloledwe kuulandira. Zololedwa ndi nyumba zoulutsira mawu, ma ham, wailesi za CB ndi zilengezo za zanyengo ndi za kayendedwe ka panyanja. Choncho chimene n'chololedwa ku Chicago chikhoza kukhala mlandu ku London, ndipo woyenera kufunsidwa m'dziko lililonse ndi bungwe loyang'anira mafunde. Ma net a ma ham okha ndiwo amene mayiko ambiri amalola aliyense kumvetsera popanda chiphaso.

N'chifukwa chiyani ma scanner akale sakumvanso apolisi m'mizinda yambiri?

Zinthu zitatu zasintha. Choyamba ndi njira yotchedwa trunking, imene inafala kuyambira m'zaka za m'ma 1980. M'malo mwakuti gulu lililonse likhale ndi frequency yake, magulu ambiri amagawana ma frequency ochepa ndipo kompyuta imapereka imene ili yopanda munthu pa nthawiyo. Funso limamveka apa, yankho n'kukamvekera pena. Mu 1997 Uniden inatulutsa scanner yotha kutsata malangizo a kompyutayo.

Chachiwiri ndi kusamukira ku mawu a dijito, monga P25 ku North America ndi TETRA ku Ulaya. Pa scanner yakale mawu otere amangomveka ngati kulira kwa injini, koma ma scanner atsopano amatha kumasulira mitundu ingapo. Chachitatu, chimene palibe scanner ingachigonjetse, ndi kubisa mauthenga ndi kiyi wa pa kompyuta. Apolisi a ku Britain anasiya kumveka m'zaka zoyambirira za m'ma 2000 atasamukira pa netiweki ya Airwave, ndipo apolisi a ku New York anayamba kubisa mauthenga awo mu 2023. Apolisi amati zimenezi zimateteza mayina a ozunzidwa ndi kulepheretsa zigawenga kudziwa kumene iwo ali. Atolankhani amati zimachepetsa mwayi wa anthu wodziwa zimene apolisi akuchita. Mizinda ina, monga Chicago, inasankha kuulutsa mauthengawo pa intaneti mochedwetsa ndi mphindi 30.

Kodi scanner ikufunikabe masiku a kompyuta ndi foni?

Kumvetsera kwatsika mtengo kwambiri. Mu 2012 kunadziwika kuti kachipangizo ka USB kolandirira TV ya dijito, kokhala ndi chip ya RTL2832U, kangasandutsidwe wailesi yomva kuyambira pafupifupi 24 MHz mpaka 1,700 MHz, kompyuta n'kumagwira ntchito yomasulira mafunde. Kuyambira mu 2008, yunivesite ya Twente ku Netherlands ili ndi wailesi imene anthu ambiri amatha kuitchera nthawi imodzi kudzera pa intaneti, aliyense pa frequency yake, ndipo wailesi zotere tsopano zili m'mayiko ambiri. Broadcastify ndi LiveATC zimaulutsa zimene ma scanner a anthu ongodzipereka akumva.

Kufala kumeneku kwabweretsa vuto lake. Mu April 2013, pamene apolisi a ku Boston ankasaka amene anaphulitsa mabomba pa mpikisano wothamanga, anthu ochuluka ankamvetsera ndi kulemba zimene amva pa Twitter, mpaka apolisiwo anapempha kuti malo amene akufufuza asamaulutsidwe. Zolankhulidwa pa wailesi ya apolisi ndi malipoti oyamba, osatsimikizika, ndipo nthawi zambiri amasintha zoona zake zikadziwika.

Kodi munthu wofuna kulowa nawo amayambira pati?

Ma ham ambiri anayamba ndi kumvetsera. Scanner, wailesi ya shortwave yokhala ndi SSB, kapena wailesi ya pa intaneti imakwanira kutsatira net kwa masabata angapo ndi kuzolowera dongosolo lake. Chotsatira ndi kufunsa kalabu kapena bungwe la ma ham la m'dzikolo za maphunziro, ndi bungwe loyang'anira mafunde za chiphaso. Mayiko ambiri ali ndi magawo a ziphaso: Foundation, Intermediate ndi Full ku Britain, Technician, General ndi Amateur Extra ku United States. Gawo lililonse lokwererapo limawonjezera mafunde kapena mphamvu imene munthu amaloledwa kugwiritsa ntchito. Kudziwa Morse kunali kokakamiza kwa ofuna HF mpaka msonkhano wa ITU wa mu 2003 unasiyira dziko lililonse kusankha lokha, ndipo United States inachotsa mayesowo mu 2007. Achinyamata a Scout amalawako kudzera mu Jamboree on the Air, imene inayamba mu 1958 ndipo imachitika kumapeto kwa sabata yachitatu ya October chaka chilichonse, pamene amalankhula pa siteshoni ya ham wa chiphaso iye akuwayang'anira. Kugula wailesi yoponya mawu sikupereka chilolezo choigwiritsa ntchito: wopanda chiphaso amamvetsera chabe, ndipo amalembetsa pa net akalandira dzina lake la pa wailesi.